Chidede cha Rabeca

Lolemba, 5 Dezembro 1994

Mvula yobzalira yagwa. M'mawa ndamasula kansalu ka Rabeca.

Chichokereni ku kampu ku Malawi ndinali ndisanakakhudze. Mkazi wanga anakamanga yekha ali chigonere pamphasa, mfundo zing'onozing'ono, iliyonse ndi mbewu yakeyake. Anati, “Izi n'za kwathu ku Chiuta.” Iye ku Chiuta sanafikeko. Tinamuika kumanda a kuseri kwa kampu mu Fevereiro, ine ndinakwera kamiyau, lole ya obwerera kwawo, kansalu kali m'thumba la jekete.

Muli nandolo, chitowe, therere, khobwe, maungu. Mfundo yomaliza ili ndi tinjere totuwa tamawangamawanga, tokulirapo kuposa mapira. Sindikutidziwa. Ku shikola ya mishoni ndinaloweza mitsinje ya ku Putukezi, koma za ndiwo ankadziwa ndi iyeyo. Ndikuganiza kuti ndi chidede. Ankachikonda kuposa nyama, sakanachisiya.

Ndabzala kuseri kwa nyumba, pomwe panali khola nkhondo isanatithamangitse. Dothi lake lakuda bii. Sindinkadziwa kuti chinthu chingandisangalatsenso chonchi.

Lachiwiri, 13 Dezembro

Zamera! Maungu ndiwo ayamba, kenako khobwe. Chidede chamera mzere wonse.

Nkhuku za a Safiya ndazithamangitsa mpaka kuchitsime, munthu wamkulu ngati ine. Iwo aima pakhomo pawo n'kumakuwa, “Che Gusto, alamu, mugwa! Nkhuku zilipo zambiri, mwendo wanu ndi womwewo!” A Safiya ndi anansi athu kuyambira kale, akazi a a Haji asodzi. Tinathawira kampu imodzi, ndipo R. atadwala ndiwo ankamusambitsa. Ankaitanana chemwali, ndiye ine ndinasanduka mlamu wawo, wonyozedwa mwaulere.

Madzulo ndadula bango kudambo. Ndimanga mpanda wautali.

Loweruka, 21 Janeiro 1995

Sindinalembe nthawi yaitali, munda waukulu unandigwira. Koma kadimba ka R. ndimayamba nako m'mawa uliwonse ndisanasambe kumaso.

Chidede chandipitirira m'chiuno. Chikukula ngati chili ndi kothamangira. Masamba ake ngati chikhatho chotambasula, m'mbali mwake tinkhwasule ngati mano a sowo. Dzuwa likachiwomba chimatulutsa fungo lamphamvu, sindidziwa kuti ndilifanizire ndi chiyani. Sindikumbukira chidede cha R. chikununkha chonchi, koma ine ndinkachiona chili kale m'mbale.

Ndaganiza chinthu, ndipo chichiganizireni sindikukhazikika. Pakutha pa Fevereiro chikwana chaka chimwalirireni R. M'malo mongopemphera n'kubalalika, ndiitana Violeta mwana wathu abwere kuchokera ku Insaca, ndiitananso amayi a kutchalitchi, tidzadye ndiwo za m'dimba la mayi ake. Za m'manja mwake zenizeni. Uthenga wa Violeta ndapatsira wa shapa, kaminibasi kopita ku Insaca.

Lamulungu, 29 Janeiro

Ndawauza a katekista titatuluka m'mapemphero. Akondwa. Akuti adzadalitsa dimbalo ndi madzi. Amayi ena anafuna kukaliona lero lomwe, ndakana. Adzaona pa tsikulo.

Pobwerera ndakumana ndi Amisi, mwana wa a Safiya, amene anatengedwa ndi asilikali ali kamnyamata ndipo wabwerako chaka chathachi atatula mfuti. Tsopano ndi bambo wandevu. Salankhula zambiri, amangosoka maukonde a bambo ake. Amadutsa m'mbali mwa mpanda wanga, anaima, anakweza mphuno. Kenako anayenda mofulumira ngati wakumbukira mphika pamoto. Moni wanga sanayankhe.

Lachinayi, 2 Fevereiro

Sindifuna kudzachita manyazi pamaso pa amayi, ndiye ndati ndiyesere kuphika. Ndathyola nsonga zanthete za chidede. Zikumata m'manja ngati ulimbo. Ndaika tomato ndi nsinjiro zambiri, monga ankachitira R., ndipo ndazisiya pamoto nthawi yaitali. Sizikuwawasa ngati chidede. Zikuwawa, kukhosi zikukanda. Mwina ndaphonya penapake. Ndadya zonse, ndapukuta ndi chala. N'zake.

Lachisanu, 3 Fevereiro

Ndilembe za dzulo mutu usanaziwongole.

Nditadya ndinakhala pakhonde. Kwa nthawi ndithu panalibe kanthu. Kenako ndinaona tambala akuyenda pabwalo, ndipo ndinazindikira kuti amayenda ndendende ngati administradori wachitsamunda uja ankabwera kudzayendera shikola yathu, chifuwa patsogolo, diso cham'mbali. Ndinaseka. Ndinaseka mpaka kugwa pampando. Ndikati ndileke, tambala uja amatembenuka n'kundiyang'ana, basi zayambiranso. Misozi mbwembwembwe. Chimwalirireni R. ndinali ndisanasekepo motulutsa mawu.

Kenako njala. Njala yoti sindinaimvepo ngakhale chaka chothawa chija. Ndinamaliza phava la nthochi, ndinatafuna chinangwa chachiwisi, ndinanyambita shuga yense amene ndimasungira alendo. M'kamwa gwaa, ngati ndadya phulusa. Ndinanyamuka kuti ndikatunge madzi, koma chitsime chinali kutali ngati Cuamba, ndinabwerera panjira. Mtima unayamba kugunda ngati mtondo wa anthu awiri. Ndinaganiza kuti ndikufa. Ndinachita mantha kwambiri, kenako ndinasekanso.

A Safiya anamva phokoso n'kubwera akuthamanga. Anandipeza chinangwa chili kukamwa. Anati, “Ife tili pa Ramazani mmero uli gwa, inu mukudya ngati dzombe. Maso afiira chonchi bwanji?” Ananunkhiza mphika. Anandiyang'ana. “Alamu, kandionetseni dimba lanulo.”

Nditatsegula chitseko cha bango anagwira pakamwa, kenako anakhala pansi pamatope pomwepo, akuseka mpaka mpango kugwa.

“Chidede? Che Gusto, mwana wa shikola, ichi ndi chamba! Suruma! Mwathira nsinjiro chamba!”

Ine ndinkangodziwa utsi wake, wa asilikali pamsewu. Chili chiimire chobiriwira ndinali ndisanachionepo.

Anati, “Paja Chipwitikizi chanu munda mumati mashamba? Anzanu onse abwerera kudzalima mashamba, inu mwangochotsako ma.” Anandimwetsa madzi, anandigoneka pamthunzi, anakhala pompo mpaka mtima utatsika. Pochoka sanasekenso. Anati Loweruka tikambirane.

Ndadzuka mutu uli wolemera, thupi lofooka. Funso limodzi lokha: Rabeca, wa kwaya, wosalawa ngakhale thobwa lowawasa, anamangiranji chamba m'kansalu?

Ndipo a katekista akubwera kudzachidalitsa!

Loweruka, 4 Fevereiro

Lero ndi tsiku lalikulu. Ndikulemba dzanja likuthamanga.

A Safiya abwera m'mawa, akhala pakhonde, andiuza zonse mosazungulira. Chotupa cha m'mimba mwa R. chija chitakula, mapiritsi a kuchipatala cha pakampu analeka kugwira. R. sankagona, chakudya chinkabwerera. Ine ndinkapita kukaima pamzere wa ufa, iwo ankatsala naye akulira ndi ululu, akuluma nsalu kuti ndisadzamve. Ndiye anakagula chamba kwa munthu wina wa kumsika, n'kumachiwiritsa pang'ono mu tiyi ndi kadontho ka mafuta. Anati amayi awo ankachitira choncho odwala amene atheratu.

Ndinafunsa kuti zinali liti. Anati kuyambira Natale, Khirisimasi ija, isanafike mpaka chaka chatsopano.

Ndikuikumbukira nthawi imeneyo. Ndi masabata amene R. anapempha mpunga. Anadya mango awiri nthawi imodzi, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Ankaimba, ankandiseka kametedwe kanga. Ine ndinapita kukathokoza kutchalitchi kuti wayamba kuchira.

“Sichinamuchize,” anatero a Safiya. “Chotupa chinkakulabe. Chinangomubwereka tulo ndi njala. Kumapeto nachonso chinagonja.”

Ndinati bwanji osandiuza. Anati, “Mukanalola, inu a Baibulo m'khwapa? Chemwali anati, aGusto asadziwe, angayambe kusala kudya chifukwa cha ine.”

Kenako ndinafunsa za mbewu. Apa ndiye pali nkhani. Akuti R. ankatola yekha tinjere m'chamba chogulacho, n'kumatisunga m'kachitini. A Safiya atamufunsa anati, “Tikakafika kwathu ndisamakatume anthu kumsika. Ndizikabzala ndekha kuseri kwa khola, ndizikathyola pang'onopang'ono.”

Ndizikabzala ndekha!

Chaka chonsechi ndakhala ndikuganiza kuti kansalu kaja kanali kotsanzikira. Kuti ankadziwa kuti akufa, ndipo ankamanga mfundo zija mtima utasweka, ine ndili pambali osaona. Zimenezi ndi zimene zinkandidya. Koma ayi. Ankalongedza katundu wa ulendo. Ankadziona ali pano, kuseri kwa nyumba ino, khasu m'manja, akundibisira kamzere kake ka chamba. Anali ndi mapulani, mpaka ochenjerera mwamuna wake!

A Safiya atapita ndinalowa m'dimba, ndinayenda uku ndi uku, sindinathe kukhala pansi. Ndinachigwira masamba. Ndinalankhula nacho, ndisaname. Ndikufuna kuuza Violeta lero lomwe, koma nkhani yotere siyopatsira wa shapa.

Lamulungu, 5 Fevereiro

Masana a Haji ndi a Safiya abwera onse awiri, a Haji atavala mkanjo. Ndinadziwa kuti si macheza.

A Haji anayamba patali, monga achitira. Akuti agogo awo ankanena kuti chinabwera ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere, aja ankabweretsa nsalu ndi mikanda, ndipo iwo ankachitcha bangi. Asodzi akale a pa Chiuta ankachikoka m'chipanda chothira madzi, nthawi yozizira, kuti apirire m'madzi. Azungu anachipeza n'kumati suruma, n'kumamenya nacho anthu. Opita kumigodi ku Joni anabwera ndi dzina linanso. “Chinthu cha mayina ambiri chonchi,” anatero, “dziwani kuti chayenda, ndipo kulikonse chasiyako mlandu. Kwa ife ndi haramu. Koma kale chinali cha madala a imvi, mwana sankachiyandikira. Nkhondo ndiyo inachipereka kwa ana.”

Apa a Safiya anawadula. “Bambo, fikani pa nkhani. Alamu, zulani.”

Akuti Amisi anabwera kunkhondo ali kapolo wa chamba. Akasuta ankaona anthu m'mabango, ankabisala pansi pa bwato, tsiku lina anathamangitsa mlongo wake ndi nkhafi akumuyesa mdani. Anamutengera kwa a shehe, anamukhazika pansi abale, ndipo chiyambire mvula sanasute. Wayamba kudya ndi anthu. Tsopano mphepo ikachokera kwanga fungo limalowa mpaka m'nyumba mwawo, ndipo sabata yonseyi mwanayo sakugona.

“Ndine ndinachibweretsa kwa chemwali, sindikukana, ndipo nditati ndibwerere ndingachitenso. Koma uyo anapita. Wanga ali moyo.”

A Haji anawonjeza za polisiya ya ku Insaca, kuti ikamva sidzafunsa za chidede.

Ndinayankha mawu amene sindinawakonzekere. Ndinati, “Ichi n'cha mkazi wanga. Dzulo lomweli ndi pomwe ndamupezanso, lero mukuti ndizule?”

A Safiya anaimirira, anakutumula nsalu yawo. Sananditchule alamu. Anati, “Tsalani bwino, a Augusto.”

Lolemba, 6 Fevereiro

Ndakweza mpanda mbali ya kwa a Haji, ndamata ndi udzu. Fungo silidziwa mpanda.

Lachiwiri, 7 Fevereiro

Therere layamba maluwa. Maungu ayanga mpaka kukwera bango. Palibe amene wandinyoza lero, ndipo tsiku latalika.

Ndaganiza zosiya mtengo umodzi wokha. Ndaganizanso zokachibzala kutali kumunda. Koma R. anati kuseri kwa khola.

Lachitatu, 8 Fevereiro

M'mawa ndapeza chitseko cha dimba chili pululu. Mtima unangoti phaa, ndinati basi chapita.

Chonse chinali chiimire. Pakati pa mzere panali Amisi, atakhala pansi, manja onse awiri atawapanikiza m'khwapa. Mame ali m'tsitsi. Thukuta pamphumi ngakhale kunali kozizira.

Anati, “Sindinathyole, abambo. Onani manja. Ndangobwera kudzanunkhiza.”

Ndinakhala pansi pafupi naye. Ndinamuuza za tambala ndi nsinjiro. Anamwetulira pang'ono. Anati, “Inu chinakuseketsani. Nafenso poyamba chinkatiseketsa.” Akuti komandanti ankawagawira asanapite kukamenya mudzi. Ukasuta, njala ya ulendo umaiiwala, mantha amakhala patali, zimene ukuchita zimakhala ngati akuchita ndi wina iwe ukungoonerera. “Koma pambuyo pake chinatembenuka. Ndikasuta, anthu onse a m'midzi ija amabwera. Ndikapanda kusuta, tulo palibe. Panopa ndasankha kusowa tulo.”

Ndinafunsa kuti nanga wabwereranji pano. Anati, “Miyendo. Ine ndinali m'nyumba, miyendo ndiyo yabwera.” Kenako anati, “Ndi chabwino chimenechi, abambo. Chonenepa. Chikangokhwima sindidzatha.”

Ananena ngati mmene munthu anenera kuti mvula ibwera.

Ndinayang'ana mzere uja. R. ankaufuna kuti munthu agone tulo. Ndinamuuza Amisi kuti mawa m'mawa tizula, tiwotche. Anadzidzimuka. “Musawotche! Muledzeretsa mudzi wonse, mpaka a shehe.” Ndinati ndiye tikwirire. Anapukusa mutu. “Ndidzadziwa pomwe mwakwirira.”

Tagwirizana za nyanja.

Chodabwitsa n'chakuti chichokereni iye ndili ndi chimwemwe chimene sindikuchimvetsa. Ndanola khasu. Ndapeza thumba ndi mwala waukulu. Ndikungofuna kuche.

Lachinayi, 9 Fevereiro

Ndazula ndekha. Amisi ndinamuuza adikire kudooko. Mizu yake ndi yolimba, sichinafune kuchoka. Tsinde loyamba linandivuta mumtima, ndinaima kaye. Enawo ndinangopitiriza. Ndinathyolathyola, ndinapakira m'thumba pamodzi ndi mwala, ndinasesa ndi masamba omwe ogwa.

Ndikudutsa ndi thumba pamutu, a Safiya anali pakhomo akupeta mpunga. Sanadzutse mutu. Nditapitirira ndinamva, “Alamu! Mukaponye kutali. Mawa a Haji angakole chambo choseka.” Ananditchulanso alamu.

Bwato ndinali ndisanakwere chibwerereni. Amisi anati ndikhale kutsogolo ndi thumba, iye kumbuyo ndi nkhafi, ndipo anayang'ana kaye mphepo kuti fungo lizipita kwina. Tinadutsa m'mabango mpaka pamadzi oyera. Mapiri a ku Malawi ankaoneka pafupi kwambiri.

Ali mkati mopalasa anati, “Abambo, mayi Rabeca aja ine sindinawadziwe bwino, asilikali ananditenga ndili mwana. Anali munthu wotani?”

Palibe anandifunsapo zimenezi. Onse amati pepani. Ndinayamba ndi mawu awiri atatu, kuti anali wofatsa, wopemphera. Kenako ndinati ayi, ndikunama, anali wamakani. Ndinamuuza za chaka chimene tinakwatirana, mbuzi ya malume anga itadya chitenje chake chatsopano pachingwe, iye n'kuimanga mbuziyo pakhonde pathu n'kulengeza kuti siichoka mpaka ibweze. Malume anabwera ndi ankhoswe. Amisi anaseka mpaka bwato kupendama, ndipo pakati pa nkhaniyo anati, “Apa mpakuya, ponyani,” ine ndinakankha thumba lija ndikulankhulabe.

Tatembenuka kale ndi pomwe ndinazindikira. Ndinacheuka kuti ndione pomwe lamira. Madzi onse anali ofanana.

Amisi anagogoda bwato ndi nkhafi. “Abambo, musaime. Ndiye mbuziyo inabweza?”